Opaleshoni yaing'ono ya dzanja ku Mzuzu kuno: mungatani kuti bilu isakupwetekeni

Abale, kachotupa kaja kamamera pomangira wotchi, chala chomakakamira mukachipinda mpaka kuchiwongola ndi dzanja linalo, kapena dzanzi la zala lomakudzutsani usiku, zambiri mwa izi zikafika pofuna opaleshoni ndi ya mphindi zochepa chabe, mumabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Koma ndalama zake zimasiyana kwambiri kutengera komwe mwapita.

Ngati m'thumba muli mopepuka yambirani ku Mapale kapena helefu senta yakwanuko ndi kabuku kanu ka kuchipatala, akulembereni kalata yopita ku Mzuzu Central. Ku boma simulipira, chomwe chimafunika ndi kupirira basi, amakupatsani deti ndipo odwala angozi akabwera amayamba ndi iwowo, ndiye konzani thiransipoti ya maulendo angapo. Zipatala za mishoni ngati St John's kapena Ekwendeni mumalipira ndithu koma nthawi zambiri sizifika pa mitengo ya pulayiveti.

Tsono funso lomwe ambiri sitifunsa ndi ili: "Adokotala, mundigoneka kapena mungobaya jakisoni wa dzanzi padzanja pompo?" Apa mpomwe pagona nkhani. Ku zipatala zolipira, akakulowetsani mu fiyeta yayikulu nkukugonetsani, mumalipira chipindacho, wogonetsa uja, mankhwala ake, mwina bedi pamwamba, pomwe ya jakisoni amatha kupangira mu kachipinda kakang'ono inu muli maso mukucheza ndi anesi. Ine ndimati ngati adokotala anena kuti jakisoni akwanira, vomerani, mantha asakulipiritseni zambiri.

Ku pulayiveti musagone pabedi asanakulembereni koteshoni papepala. Funsani ngati mu koteshonimo muli kale ndalama yowonana ndi dokotala, X-ray, mankhwala opha ululu, kutsukitsa bala, ndi kuchotsa ulusi komwe kumachitika pakatha masiku 10 mpaka 14, poti tinthu timeneti ndi tomwe timakweza bilu mwakachetechete. A MASM kapena inshulansi ina, imbani kaye mumve ngati sikimu yanu ikulipira zonse kapena pali shotifo, ndalama yotsala yoti mulipire nokha.

Muwerengerenso masiku osagwira ntchito, makamaka inu atelala, akabaza ndi amayi ogulitsa mumsika, dzanja lomangidwa bandeji silifuna madzi kapena kunyamula zolemera.

Koma chala chikatupa nkudzaza mafinya, chikugunda ngati mtima usiku wonse, chonde musayendeyende kufunsa mitengo kapena kuchiboola ndi singano kunyumba. Pitani lero lomwe ku chipatala chapafupi, mafinya akalowerera m'mitsempha chala chimatha kuuma osapindikanso.