Ulendo wa ku Amorgos: yambani ndi sitima, chipinda chibwere pambuyo

Mukatchula zilumba za ku Greece, anthu ambiri amaganiza za Santorini kapena Mykonos, kuja kwa nyumba zoyera mbee ndi anthu odzijambula pa ngodya iliyonse. Ine wondifunsa ndimamuuza za Amorgos. Ndi chilumba chachitali koma chowonda, chakum'mawa kwenikweni mwa zilumba zotchedwa Cyclades, ndipo anthu okhalapo ndi pafupifupi 2,000 basi. Bwalo la ndege palibe. Bata lonse la pachilumbachi likuchokera pamenepa, ndipo n'pamenenso anthu amasokonezekera pokonza ulendo. Munthu amaona chipinda chokongola pa intaneti, n'kulipira, kenako n'kuyamba kufufuza kuti akafikako bwanji. Uku n'kuyamba chammbuyo. Ku Amorgos mwini ndondomeko ndi sitima, ndipo sitimayo imamvera mphepo.

Tiyambe ndi mapepala, poti popanda iwo zonsezi ndi nthano chabe. Wa pasipoti ya Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique kapena South Africa amafunika viza ya Schengen, yolowera m'gulu la mayiko a ku Ulaya limene Greece ilimo. Abale athu a ku Britain, chilolezo chanu chokhalira kumeneko sichikulowetsani mu Greece. Ngati pasipoti ikadali yakumudzi, viza ikufunikabe. Kuyambira mu Juni 2024 mtengo wake ndi ma euro 90 kwa munthu wamkulu, ndipo ofesi yolandira mapepala ikhoza kuwonjezera yake. Amafuna inshuwalansi ya chipatala yosachepera ma euro 30,000, pasipoti yokhala ndi miyezi itatu yotsala kuchokera tsiku lotuluka, umboni wa kogona, ndi mapepala a kubanki. Mutha kupempha kutatsala miyezi 6. Chitani choncho, chifukwa chovuta si viza yeniyeniyo koma kupeza tsiku lokaonekera ku ofesi nyengo yozizira ya ku Ulaya ikangotha. Musanadzaze fomu, funsani kuti ndi ofesi iti imene imalandira mapepala a ku Greece kudera limene mukukhala. Safunsa anadya phula. Ndipo chipinda chimene mukaonetse pofunsira viza chikhale chotheka kuchisintha popanda kutaya ndalama.

Mwezi wopitira ndiwo udzagamule ngati mudzapezadi bata. Ogasiti musiyeni. Agiriki eni ake amatseka maofesi n'kukhamukira ku zilumba, makamaka kuzungulira pa 15, tsiku lalikulu la Maria Virigo mu mpingo wa Orthodox, ndipo Afalansa, amene amachikonda kwambiri chilumbachi, amadzaza zipinda zotsalazo. Mitengo imakwera, sitima zimadzaza. Julaye ndi Ogasiti ndiyonso miyezi imene meltemi imalimba, mphepo youma yochokera kumpoto imene imatha kuwomba masiku angapo osapuma. Ine ndimasankha Juni kapena Seputembala. Mu Juni masiku ndi aatali ndipo njira za m'mapiri zikadali zoyendeka. Mu Seputembala nyanja imakhala yofunda ndipo eni malo odyera amakhala atapezanso mpata wocheza. Okutobala akafika pakati, malo ambiri amatseka ndipo sitima zimachepa. Pa 1 Meyi musaikepo ulendo wapamadzi, pakuti ogwira ntchito m'sitima amakonda kunyanyala ntchito tsiku limenelo.

Kufika ku Athens n'kosavuta. Kuchokera ku London ndi maola pafupifupi 4. Kuchokera ku Lilongwe kapena Johannesburg mudzasintha ndege ku Addis Ababa, Doha kapena Dubai. Pabwalo la ndege pali sitima yapamtunda ya nambala 3 imene kuyambira mu 2022 imafika mpaka padoko la Piraeus, ulendo wa ola limodzi, ndipo basi ya X96 imayenda usana ndi usiku. Piraeus, kumene sitima zopita ku Amorgos zimanyamukira, ndi doko lalikulu zedi. Zipata zake zili ndi manambala oyamba ndi E, ndipo kuchoka pa china kufika pa china ndi mtunda. Werengani nambala ya chipata pa tikiti yanu, ndipo fikani kutatsala ola.

Tsono nkhani ya sitima. Njira zilipo zitatu.

Sitima zikuluzikulu za Blue Star Ferries zimatenga maola 8 kapena 9, nthawi zina kuposa, malinga ndi zilumba zimene zikuimapo. Kawirikawiri zimanyamuka madzulo n'kufika pakati pa usiku. Izi ndizo ndimadalira, chifukwa kukula kwake kumapangitsa kuti zisagwedezeke kwambiri, ndipo siziimitsidwa wamba. Muwonjezere pang'ono mugule mpando wa nambala. Tikiti yotsikitsitsa imakusiyani mukusaka pokhala m'makonde ndi pabwalo.

Nthawi yotentha pamakhalanso sitima zothamanga, monga za SeaJets. Zimafika msanga koma n'zodula, mumakhala otsekeredwa mkati ulendo wonse, ndipo meltemi ikadzuka ndizo zimayamba kuchedwa kapena kulephereka. Wofooka m'mimba asayerekeze.

Njira yachitatu ndiyo yokoma kwa amene ali ndi nthawi. Mufike kaye ku chilumba cha Naxos, pa sitima kapena pa ndege yaing'ono yochokera ku Athens, mugone, kenako masana mukwere Express Skopelitis. Ndi kasitima ka banja lina la ku Amorgos komweko, kamene kamanyamula anthu, katundu wa m'magolosale ndi zina zotero kudutsa pa tizilumba ta Iraklia, Schinoussa ndi Koufonisia, masiku ena ndi Donousa. Amene anakwerapo Ilala kupita ku Likoma mwera ukuwomba adzazindikira zonse: chipwirikiti cha padoko, katundu wotsitsidwa mofulumira, ndi nkhope za anthu zikusintha mafunde akakula. Mankhwala oletsa nseru amweni musanakwere. Mukamwa mutayamba kale kumva chizungulire, mwachedwa.

Pali msampha umodzi umene umagwira alendo ambiri. Amorgos ili ndi madoko awiri, Katapola ndi Aegiali, ndipo pakati pawo pali msewu wokhotakhota wa m'mapiri, wa makilomita oposa 20. Sitima ina imaima pa limodzi, ina pa linzake, ina ponse pawiri. Kutsika pa Aegiali 2 koloko usiku chipinda chanu chili ku Katapola si nkhani yoseketsa, chifukwa matakisi pachilumba chonse ndi owerengeka. Choncho pezani kaye tsiku ndi doko, kenako musake chipinda pafupi ndi dokolo. Mukatero mulembereni mwini nyumba dzina la sitima ndi ola lake. Ambiri amabwera okha kudzakutengani, ngakhale usiku, ndipo sitima ikachedwa amadziwa inu musanawauze.

Mugone kuti? Katapola ndi kwa munthu wofuna kukhala pafupi ndi madzi ndi kuona maboti a asodzi akulowa ndi kutuluka. Pamwamba pake pali mabwinja a mzinda wakale wa Minoa, okwereka ndi miyendo. Aegiali ili ndi gombe lalitali la mchenga, labwino kwa ana, ndipo pamwamba pake pali midzi itatu, Tholaria, Langada ndi Potamos, yolumikizidwa ndi njira zakale za miyala zimene abulu amayendamo mpaka lero. Chora, likulu la chilumbachi, ili paphiri pakati, ndi tinjira topapatiza mosalowa galimoto, mphero zakale zoyendera mphepo, ndi thanthwe lokhala ndi linga pamwamba. Ndi yokongola kuposa onsewa, koma usiku kumazizira ngakhale mu Julaye, ndipo gombe lili kutali ndi khomo lanu. Ngati muli ndi mlungu wathunthu, ugaweni pawiri: yambani mbali ya Katapola kapena Chora, malizani ku Aegiali, kapena mosinthanitsa malinga ndi kumene sitima yobwerera ikunyamukira. Masiku osakwana anayi musavutike n'komwe, mudzangokhala mwapita kukaona sitima. Dziwaninso kuti pa mtengo wa chipinda pamawonjezedwa kamsonkho ka boma ka usiku uliwonse, kamene nthawi zambiri mumalipira pamalopo.

Chimene aliyense amapitira ndi nyumba ya amonke ya Panagia Hozoviotissa, ndipo pano sinditsutsana ndi gulu. Inamatidwa pa phedi la thanthwe, mamita pafupifupi 300 pamwamba pa nyanja, yoyera ngati yapakidwa laimu dzulo. Mbiri yake imalumikizidwa ndi mfumu ya Byzantium, Alexios Komnenos, ndi chaka cha 1088, ndipo chithunzi chopatulika cha Maria chimene amasunga amati chinachokera ku Palestine. Ili ndi nsanjika 8, koma m'lifupi mwake simupitirira mamita 5, moti m'makwerero ena mumachita kuwerama, phewa likukhudza thanthwe lenilenilo. Kuchokera poimika magalimoto pali masitepe pafupifupi 300 opanda mthunzi. Pitani m'mawa kwambiri. Amatseka masana n'kutsegulanso chakumadzulo. Pa zovala sanyengerera: abambo thalauza lalitali, amayi siketi yopitirira mawondo ndi mapewa ophimba. Amayi anzanga, chitenje m'chikwama chimathetsa nkhani yonseyi, ndipo mukatsika chidzakhala choyala pagombe. Mukamaliza kuona tchalitchi amakukhazikani m'kachipinda n'kukupatsani madzi, kaswiti kofewa kotchedwa loukoumi, ndi kakapu ka psimeni raki, mowa wotcheza wophikidwa ndi uchi ndi zonunkhiritsa. Wosamwa akhoza kukana mwaulemu, palibe amene amakhumudwa. Polowa salipiritsa, koma siyani kangachepe.

Pansi pa phedilo pali Agia Anna, kagombe ka miyala komwe madzi ake ndi obiriwira moti maso amakana kukhulupirira. Magombe ambiri a kuno ndi a miyala, choncho tengani nsapato zolowa nazo m'madzi. Mouros ili ndi mapanga osambiramo. Kumapeto kwenikweni kwa kumwera chakumadzulo, pafupi ndi Kalotaritissa, kuli chiphakasa cha sitima yotchedwa Olympia imene inatsakamira mu 1980, chikudyedwa ndi dzimbiri pafupi ndi mtunda. Lamulo langa la magombe n'losavuta: m'mawa funsani mwini nyumba kuti mphepo ikuchokera kuti lero, ndipo pitani kumene wanena. Mafunde akakhala aakulu pa miyala, khalani kumtunda. Magombe ambiri alibe opulumutsa anthu.

Okonda kuyenda pansi, pali njira yakale yotchedwa Palia Strata, yochoka ku Chora, kudutsa pa nyumba ya amonke ija, n'kutsata msana wa chilumba mpaka ku midzi ya ku Aegiali. Imatenga maola 4 kapena 5, mitengo ya mthunzi palibe, ndipo anzanu ambiri panjira adzakhala mbuzi. Nyamukani kukucha ndi madzi ambiri, mubwerere pa basi. Mabasi alipo ndipo ndi otsika mtengo, koma ndondomeko yake imasintha ndi nyengo. Ijambuleni pa foni pamene yamatidwa pa siteji. Mukafuna kubwereka galimoto, tsiku limodzi kapena awiri akukwanira. Wa laisensi yakumudzi atengeretu laisensi yoyendetsera m'mayiko ena asananyamuke, ndipo akumbukire kuti kuno amayenda kumanja. Njinga zamoto za hayala zimaoneka zokopa, koma pa msewu wa m'phiri mphepo ikukankha, ine ayi.

Pa chakudya, funsani patatato, nyama ya mbuzi yophikidwa nthawi yaitali ndi mbatatesi mpaka kufewa. Ndicho chakudya cha maukwati ndi zikondwerero, ndipo pa chikondwerero cha Agia Paraskevi, pa 25 ndi 26 Julaye kumwera kwa chilumba, chimaphikidwa m'miphika ikuluikulu n'kugawidwa kwa aliyense wofika. Ichi chokha ndicho chingandichititse kupirira Julaye. Yesaninso fava, chipere cha mtundu wina wa nyemba, ndi tchizi cha mkaka wa mbuzi. Nsomba amagulitsa pa kilo ndipo n'zodula, choncho funsani mtengo asanaziike pamoto. Anthu amadya mgonero mochedwa, cha m'ma 9 koloko, ndipo kuyambira 3 koloko mpaka hafu pasiti 5 masana ndi nthawi ya chete yokhazikitsidwa ndi lamulo. Imeneyo si nthawi yoimbira abale pa WhatsApp mofuula muli pakhonde.

Tina n'tating'ono koma tofunika. Madzi akumwa gulani a m'botolo. Mapepala a kuchimbudzi amatayidwa m'kabini, osati m'chimbudzimo, chifukwa mapaipi ndi opapatiza. Makina otapira ndalama alipo m'madoko onse awiri ndi ku Chora, ndipo makadi amalandiridwa malo ambiri, komabe sungani ma euro ena m'thumba. Ochokera kumudzi, ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira, kambiranani ndi banki yanu za malire a khadi lanu nthawi ikadalipo. Chipatala cha pachilumba n'chaching'ono, ndipo wodwala kwambiri amatumizidwa ku Naxos kapena ku Athens, choncho mankhwala anu a tsiku ndi tsiku bwerani nawo okwanira ndi otsalira. Nambala ya zangozi ndi 112.

Pobwerera, musalumikize sitima ndi ndege tsiku limodzi. Mphepo ikafika poipa, akuluakulu a padoko amaletsa sitima kunyamuka, ndipo kampani ya ndege sizikuikhudza zimenezo. Chokani pa Amorgos kutatsala tsiku lathunthu, mugone ku Athens kapena ku Piraeus, ndipo masiku a viza ndi a inshuwalansi muwapemphe opitirira tsiku la ndege yanu ndi awiri kapena atatu. Sitima zambiri zobwerera zimanyamuka m'bandakucha, choncho bilu ya chipinda ilipireni madzulo ake ndipo mutsimikizirenso ndi mwini nyumba kuti ndi doko liti.