Mphete yakale musanaigulitse, yambani mwaiwerenga

Mwezi wathawu mayi wina wa kwathu ku Mzimba, amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Northcliff mu Johannesburg muno, anandionetsa mphete yomwe adona ake okalamba anamupatsa posamukira kunyumba yosungirako nkhalamba. Anali ataikulunga m'kampango, ndipo maganizo ake anali oti akaisiye pa shopu ina yogula golide m'tauni kuti apeze ya transipoti yopitira kumudzi pa Khirisimasi. Ndinamupempha kuti adikire sabata imodzi. Ambiri mwa mashopu amenewa amaika mphete pa sikelo n'kukulipirani kulemera kwa golide basi, chifukwa cholinga chawo n'kukaisungunula. Zaka zake, luso la mmisiri ndi mwala umene uli pamwamba, zonsezo mumangowapatsa ulere.

Choyamba, musaikande ndi mpeni, musaiike pamoto, musaiviike mu Jik ndipo musaitsuke ndi mankhwala otsukira mano. Jik amadya zitsulo zosakaniza mu golide mpaka timano togwira mwala timathyoka. Madzi ofunda pang'ono, dontho la Sunlight ndi kamswachi kofewa n'zokwanira. Koma ngati kuseri kwa mwala kuli kotsekedwa ndi chitsulo, musanyowetse n'komwe. Amisiri akale ankaika kapepala kachitsulo kowala pansi pa mwala, ndipo madzi akalowamo kamada osabwereranso.

Kenaka pezani kagalasi kokuza zinthu kakhumi, kamene amisiri amati loupe. Kamera ya foni nayo imathandiza mukaima pawindo masana. Yang'anani m'kati mwa mphete, pamene pamakhudza chala. Nambala 375 ikutanthauza golide wa makarati 9, ndiye kuti pa magawo 1,000 aliwonse, 375 okha ndiwo golide weniweni. Ameneyu ndiye wofala kuno ku South Africa. 585 ndi makarati 14, 750 ndi 18, pamene 916 ndi 22. Mukaona 925 ndi siliva, Pt kapena PLAT ndi pulatinamu. Zilembo GP, GF kapena RGP zikukuuzani kuti golide ali pamwamba pokha, m'kati ndi chitsulo wamba. Onaninso pansi pa mphete pamene pamakhulika kwambiri: ngati patulukira mtundu wina wofiirira kapena wotuwa, ndi yongokutira.

Za maginito ndinenepo, poti ambiri amazidalira mopitirira. Mphete ikamamatira ku maginito, pali chokayikitsa ndithu. Koma ikapanda kumamatira simunadziwe kanthu, chifukwa mkuwa nawo sumamatira. Chidindonso anthu achinyengo amatha kudinda okha. Chotsimikiza ndi kuyeza kwa mmisiri, kaya pokhula pang'ono pamwala wakuda n'kudonthezapo asidi, kaya ndi makina a XRF amene amawerenga zitsulo popanda kukanda. Pa mphete yakale pemphani makinawo.

Mbali imene imandisangalatsa ine ndi ya zaka. Mphete zambiri zakale za mu Johannesburg muno zinabwera ndi mabanja ochokera ku Britain, ndipo kumeneko zidindo zimanena zambiri. Mukaona kanangula, mpheteyo inayezedwa ku Birmingham. Mutu wa nyalugwe ndi London, kanyumba kachifumu ka nsanja zitatu ndi Edinburgh. Kamkango koyenda kamasonyeza siliva. Pambali pake pamakhala chilembo chimodzi chokha, ndipo chimenecho ndicho chaka. Chilembo chomwecho chimabwerezedwa pakapita zaka, choncho muyenera kuona kalembedwe kake ndi mpanda umene wachizungulira, n'kuyerekeza ndi matebulo a mzinda womwewo amene ali pa intaneti. Pa mphete ya mayi uja tinapeza kanangula ndi nambala 15. Mtima wanga unagunda, chifukwa ku Britain golide wa makarati 15 anayamba mu 1854 ndipo anamusiya mu 1932. Ndiye kuti kamphete kamene kanali m'kampango kaja kali ndi zaka zoposa 90, kuposa agogo ambiri a kumudzi kwathu.

Zidindo zikakhala kuti zinafufutika, kapena zinadulidwa pochepetsa mphete, mwala umathandiza. Dayamondi wakale ankasemedwa pamanja. Amakhala wotukuka pamwamba, kathebulo kake (malo athyathyathya a pamwamba penipeni) kakang'ono, ndipo mukasuzumira pakati mumaona kabwalo ngati kabowo, chifukwa nsonga ya pansi ankaidula. Kasemedwe ka masiku ano, kothetheka kwambiri, kanafala pambuyo pa 1919 pamene katswiri wa dayamondi Marcel Tolkowsky analemba masamu a kasemedweko. Golide wa mtundu woyera ngati siliva naye anatchuka cha m'ma 1920. Ndipo wina akakuuzani kuti mphete ya mwala wa tanzanite ndi ya nthawi ya Mfumukazi Victoria ya ku Britain m'ma 1800, akunama, kapena mwalawo unaikidwa pambuyo pake, pakuti tanzanite anapezeka mu 1967 ku Merelani, kufupi ndi Arusha.

Apa ndi pamene ambiri timapusitsika: timaganiza kuti mphete ikakhala yakale ndi ya golide, mwala wake ndi wachilengedwe. Ayi. Ruby wopangidwa mufakitale analipo kale pofika 1902, ndipo amisiri ankamuika m'golide weniweni. Mwala wofiira ukhoza kukhala ruby ngati wa ku Chimwadzulu ku Ntcheu, ukhoza kukhala garnet, kapena galasi chabe. Wobiriwira ngati madzi ukhoza kukhala aquamarine wonga wa ku Mzimba, kapena topaz wotsika mtengo. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ndi kagalasi kaja, timathovu tozungulira m'kati mwa mwala ndi m'mbali mokumbudzuka zimasonyeza galasi. Zokanda windo ndi mwala pofuna kuona ngati ndi dayamondi zija zisiyeni: cubic zirconia, mwala wa mufakitale wofanana ndi dayamondi, amene anadzaza msika cha kumapeto kwa ma 1970, naye amakanda galasi, ndipo mukhoza kubenthula mwala wabwino. Ngakhale kacholembera koyezera dayamondi kamanamizidwa ndi moissanite, mwala winanso wofanana ndi dayamondi. Musasokonezenso mitundu iwiri ya makarati: a golide amanena za kuyera kwake, a mwala amanena kulemera, karati imodzi kukhala magalamu 0.2.

Mukaona kuti zizindikiro zikulonjeza, pitani kwa katswiri woyeza miyala amene sakufuna kugula mpheteyo, makamaka wa m'bungwe la Jewellery Council of South Africa, mulipire kuti akulembereni chikalata. Pa dayamondi wamkulu, bungwe la ku America loyeza miyala la GIA lili ndi labotale mu Johannesburg momwemuno. Funsani mitengo iwiri, wa inshuwalansi ndi wogulitsira, chifukwa woyambawo umakhala wokwera kwambiri ndipo palibe adzakupatseni ndalama imeneyo pamanja. Musanaisiye m'manja mwa aliyense, ijambuleni mbali zonse, muiyeze kulemera, ndipo mulandire lisiti lofotokoza mwala ndi zidindo.

Abale anga a ntchito za m'nyumba ndi m'magadeni, ili ndilo pempho langa lalikulu. Abwana akakupatsani mphete, apempheni alembe kakalata kosonyeza kuti ndi mphatso, asayine, aikepo deti. Lamulo la Second-Hand Goods Act la 2009 limafuna kuti wogula katundu wakale alembe chiphaso cha wogulitsa m'kaundula amene apolisi amatha kuyendera. Mawa ana a adona akadzasowa mphete ya amayi awo, woyamba kulozedwa chala ndinu, ndipo kwa mlendo m'dziko la eni mlandu wotero ndi wowawa. Mayi wa ku Mzimba uja anabwerera kwa adona ake Loweruka lotsatira, ndipo mwana wawo wamkazi anasayinanso pansi ngati mboni.