Momwe mungathandizire wachibale wokalamba kuti asadumphidwe pa Mtukula Pakhomo

Mtukula Pakhomo, pulogalamu ya boma yopereka ndalama kwa makomo osaukitsitsa, alibe fomu yoti munthu akatenge ku boma, alembe n'kukasiya pa ofesi. Anthu ambiri okhala m'tauni amene ali ndi makolo kapena agogo ovutika kumudzi amataya ndalama zoyendera kukafunsa za fomuyo, pomwe zimene zimachititsa kuti khomo lisankhidwe kapena lisiyidwe zimachitikira m'mudzi momwemo, pa tsiku la kalembera ndi pa msonkhano wowerenga mayina. Ine ndinatsatira ndondomeko yonseyi pothandiza azakhali anga, omwe ndi amasiye ndipo akulera zidzukulu, ndipo zomwe ndikulemba pano zachokera pa ntchito imeneyo.

Pulogalamuyi inayamba mongoyesera m'boma la Mchinji mu 2006, ndipo pofika 2018 inali itafalikira m'maboma onse 28. Imayendetsedwa ndi unduna woona za chisamaliro cha anthu kudzera m'makhonsolo, koma gawo lalikulu la ndalama zake limachokera kwa abwenzi akunja monga World Bank, European Union, Germany ndi Ireland. Mfundo yofunika kuidziwa musanayambe n'njakuti pulogalamuyi inakonzedwa kuti izifikira makomo pafupifupi 10 pa 100 alionse, pomwe kafukufuku wa ofesi ya boma yowerengera anthu wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti Amalawi oposa theka ndi osauka, ndipo pafupifupi 20 pa 100 alionse ndi osaukitsitsa. Choncho ngakhale kalembera atayenda popanda chinyengo chilichonse, pamakhalabe makomo ovutikadi amene amatsala kunja.

Choyamba, unikani moona mtima ngati khomo la wachibale wanu likukwanira pa zoyenereza, zomwe pa nthawi imene ndinkathandiza azakhali zinalipo ziwiri ndipo zinkayendera limodzi. Khomolo linkayenera kukhala losaukitsitsa, komanso losowa anthu ogwira ntchito. Mbali yachiwiriyi ikutanthauza kuti pakhomopo palibe munthu wa zaka 19 mpaka 64 amene ali ndi mphamvu zolima kapena zogwira ganyu, kapena alipo koma munthu mmodzi wamphamvu akusamala anthu oposa atatu amene sangadziyimire paokha, monga ana, okalamba, odwala nthawi yaitali ndi aulumali. Banja la mwamuna ndi mkazi athanzi omwe ali ndi ana awiri, ngakhale atamagona ndi njala, silikwanira pa muyeso umenewu, ndipo boma limayembekeza kuti mabanja oterowo athandizidwe kudzera ku ntchito zachitukuko zolipidwa kapena ku zipangizo zaulimi zotsika mtengo. Ngati wachibale wanu ali m'gulu limeneli, ndi bwino kulimbikira kumeneko kusiyana n'kudana pachabe ndi a komiti ya m'mudzi yoona za pulogalamuyi.

Chachiwiri, onani chiphaso cha unzika cha mwini khomo. Za momwe chiphaso chimapezekera ku NRB, ofesi ya boma yopereka ziphasozi, sindifotokoza, popeza aliyense anadutsamo, koma chitengeni m'manja mwanu ndipo muwerenge dzina lomwe linalembedwapo. Amayi ambiri achikulire amadziwika m'mudzi ndi mfunda wawo kapena ndi dzina la amuna awo, pomwe pa chiphaso pali dzina lina lomwe ngakhale zidzukulu sizilidziwa. Dzina loti lilowe m'kaundula ndi la pa chiphaso, ndi kalembedwe kake komweko. Ngati chiphasocho chinatayika, yambani msanga kukonza china, ndipo pitani nokha ku ofesi, chifukwa anyamata amene amaima panja n'kumalonjeza kuti achitulutsa mwachangu mukawapatsa kangachepe nthawi zambiri amasowa ndalama ikangolowa m'thumba.

Chachitatu ndicho chachikulu, ndipo ndi pomwe zinthu zinatisokonekera ife. Mayina a olandira Mtukula Pakhomo amachokera m'kaundula wa boma wotchedwa UBR, momwe mumasungidwa mbiri ya makomo ndi momwe akukhalira. Ochita kalembera amayenda ndi matabuleti n'kumafunsa za anthu okhala pakhomo, zaka zawo, maphunziro awo, matenda ndi ulumali, mtundu wa denga, khoma ndi pansi pa nyumba, ziweto, katundu wa m'nyumba ndi kadyedwe. Mayankhowo amawerengetsedwa pa kompyuta, ndipo makomo amandandalikidwa kuyambira losaukitsitsa. Kalemberayu sachitika chaka chilichonse, choncho khomo likalembedwa molakwika, cholakwikacho chikhoza kukhala m'kaundula kwa zaka. N'chifukwa chake muyenera kupempha anyakwawa kapena mmodzi wa a komiti ya m'mudzi kuti akudziwitseni tsiku likalengezedwa, ndipo ngati simungathe kupita, mupeze munthu wodalirika wodziwa kuwerenga amene angakhale pambali pa wokalambayo pamene akufunsidwa.

Azakhali anga anafunsidwa ali okha. Atafunsidwa za anthu a pakhomo pawo, anatchula zidzukulu zawo, kenaka anawonjezerapo mwana wawo wamwamuna amene anapita ku Joni kalekale, pamodzi ndi mkazi wake amene anabwerera kwawo. Sananame mwadala. Kwa iwo mwanayo ndi wa pakhomopo, kanyumba kake kadakalipo kuseri, kokhoma ndi loko wochita dzimbiri, ndipo kunena pamaso pa mlendo kuti mwana wako anakutaya ndi chinthu chochititsa manyazi kwa mayi aliyense. Koma kompyuta inaona khomo lokhala ndi anthu awiri amphamvu a zaka za m'ma 30, ndipo mwa kuwerengera kwake, zidzukulu zija zinali ndi ozisamala okwanira. Munthu amene anatumizapo ndalama kamodzi kenaka n'kungoti zii anawerengedwa ngati wolima m'munda wa azakhaliwo, pomwe akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Choncho tsiku la kalembera lisanafike, khalani pansi ndi wachibale wanuyo ndipo mumufotokozere modekha kuti funsolo likufuna anthu amene amagona pakhomopo ndi kudya za mumphika umodzi, osati ana onse amene anabereka. Lembani mayina awo papepala pamodzi ndi zaka zobadwa, sukulu ndi kalasi ya mwana aliyense, chifukwa pulogalamuyi imawonjezera kandalama pa mwana aliyense wa ku pulayimale ndi wa ku sekondale, ndipo mwana wosalembedwa sawerengedwa. Ngati pali wodwala nthawi yaitali, buku lake la kuchipatala likhale pafupi. Okalamba ambiri akafunsidwa ngati ali bwino amayankha kuti ali bwino, monga mwa ulemu wathu, ngakhale miyendo itatupa moti sangafike kudimba, ndiye pafunika wina wowakumbutsa kuti apa si pa malonje.

Pali uphungu wina umene umayenda m'midzi woti anthu azibisa mbuzi kwa anansi kapena kutulutsa wailesi m'nyumba ochita kalembera akamabwera. Sindikukulimbikitsani kutero, chifukwa mayina amadzawerengedwa pagulu, ndipo anansi omwe anasunga mbuzi zija ndi omwewo amene angadzaulule ngati iwo atasiyidwa. Komabe ndivomereze kuti njira yoyezera umphawi poyang'ana katundu ili ndi chilema chake. Nyumba ya malata imene malemu anamanga adakali pa ntchito zaka zambiri zapitazo imakweza khomo pa mndandanda, ngakhale nkhokwe itakhala yopanda kanthu kuyambira mwezi wa Okutobala. Pamenepa palibe chobisa, koma fotokozani momveka za kadyedwe, za miyezi imene chimanga chimatha ndi za amene amalima mundawo, ndipo mupemphe wolembayo akuwerengereni zimene walemba asanachoke.

Chachinayi, musaphonye msonkhano wa m'mudzi umene mayina a osankhidwa amawerengedwa pamaso pa mafumu, a komiti ndi ogwira ntchito ochokera ku khonsolo. Cholinga cha msonkhanowu n'chakuti anthu atsimikize kuti osankhidwawo ndi oyeneradi, ndipo anene ngati pali woyenera amene wasiyidwa. Ife tinadziwira pomwepo kuti dzina la azakhali palibe, ndipo titafunsa chifukwa chake, nkhani ya mwana wa ku Joni inatulukira. Chimene chinatithandiza ndi chakuti dandaulo linaperekedwa pagulu, anyakwawa ndi anansi anachitira umboni kuti mnyamatayo sanaonekepo m'mudzimo kwa nthawi yaitali, ndipo tinaonetsetsa kuti lalembedwa m'buku, osati kungomvedwa ndi makutu. Dandaulo la pakamwa lonenedwa kwa munthu mmodzi panjira silifika kulikonse. Ngati msonkhanowo unakudutsani, pitani kwa a komiti yoona za madandaulo m'dera lanu, ndipo zikakanika kumeneko, kaonaneni ndi a ofesi ya chisamaliro cha anthu ku boma mutanyamula chiphaso cha mwini khomo ndi kalata ya anyakwawa. Lembani tsiku ndi udindo wa amene mwalankhula naye. Nkhani yathu inafufuzidwa, mbiri ya khomo inakonzedwa, ndipo azakhali analowa mochedwa, anzawo atayamba kale kulandira.

Pa nthawi yodikirayi ndi pomwe akamberembere amatulukira. Wina anatiuza kuti ali ndi mnzake ku boma amene angalowetse dzina tikapereka ya fanta, ndipo ya fantayo inali yokwana kugula thumba la chimanga. Palibe gawo lililonse la pulogalamuyi limene limalipiritsa, kaya kulembetsa, kudandaula kapena kulandira. Palinso mauthenga a pa foni onena kuti mwasankhidwa kulandira Mtukula Pakhomo ndipo muimbe nambala yakutiyakuti kapena mutumize kandalama kotsegulira akaunti. Amenewo ndi akuba, ndipo amakonda kwambiri anthu a m'tauni amene akufunitsitsa kuthandiza makolo awo.

Chachisanu, dzina likatuluka pamakhala tsiku lolembetsa olandira, pomwe khomo limasankha wolandira weniweni ndi wina womulandirira akadwala. Ganizirani bwino za wachiwiriyu, ndipo asakhale mdzukulu amene mukudziwa kale kuti madzulo amapezeka pa malo omwera. M'maboma ambiri ndalama tsopano zikudutsa pa foni kapena ku banki m'malo mopangira mzere pa sukulu, choncho nambala ya foni ikhale yolembetsedwa m'dzina la wolandirayo, logwirizana ndi la pa chiphaso. Nambala yachinsinsi isalembedwe kuseri kwa foni, ndipo isauzidwe kwa ejenti. Ulendo woyamba mupite nawo limodzi, muwerenge uthenga wa ndalama zimene zalowa, ndipo muyerekeze ndi zimene ejenti wapereka m'manja, chifukwa ena amadula ndalama yoposa yovomerezeka akaona kuti wokalambayo sadziwa kuwerenga. Ngati ejenti ali kutali, ndi bwino olandira angapo agwirizane tsiku limodzi, popeza kabaza wopita ndi kubwera amadya gawo looneka la ndalamazo.

Ndalama zake si zambiri. Zimasiyana malinga ndi kuchuluka kwa anthu pakhomo ndi ana a pa sukulu, ndipo kukwera mitengo kwa zinthu, makamaka kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kunazichepetsa mphamvu kwambiri. Nthawi zina zimachedwa n'kubwera za miyezi ingapo pamodzi, ndipo pa kuchedwa kumeneku ndi pomwe akatapila amakongoza okalamba n'kuwasungira chiphaso kapena foni ngati chikole. Ngati mungathe, tumizani kangachepe kanu pa miyezi yoteroyo kuti chiphaso chisachoke m'nyumba, ndipo alimbikitseni kulowa banki m'khonde ya m'mudzi mwawo.

Zotsalazo n'zosavuta. Mwana akabadwa, akayamba sukulu kapena akakhoza kupita ku sekondale, dziwitsani a komiti kuti mbiri isinthidwe. Wolandira akamwalira, nenani msanga, popeza thandizolo ndi la khomo lonse ndipo ana otsala akhoza kupitiriza kulandira kudzera mwa wamkulu wina ngati akukwanirabe pa zoyenereza. Khomo likasamukira dera lina, a ofesi ya ku boma ayenera kudziwa. Pakapita zaka zingapo kusankha kumachitikanso mwatsopano ndipo palibe amene malo ake ndi otsimikizika, choncho pepala lija la mayina, zaka ndi makalasi a ana lisungidwe pamodzi ndi chiphaso, ndipo muzilikonza chaka cha sukulu chikamayamba.