Momwe mungathandizire ana kuti asaiwale zimene mwaphunzitsa

Mphunzitsi aliyense wa ku pulayimale amaidziwa nyimbo iyi. Mwamaliza kufotokoza, mwasasa choko m'manja, n'kufunsa kuti, "Mwamva?" Kalasi yonse imayankha "Eee!" mpaka malata kulira. Lolemba lotsatira mukafunsa zomwezo, manja atatu okha ndiwo amakwera, ndipo ndi a ana omwe aja okhala kutsogolo.

Anawo sananame. Anamvadi, koma kumva lero sikutanthauza kuti mawa zidzakhalamo m'mutu. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kale mu 1885 kuti munthu amaiwala kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira akangophunzira chinthu. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku America anapatsa ophunzira nkhani kuti awerenge. Ena anaiwerenga mobwereza, ena anaitseka n'kulemba zimene akukumbukira. Patatha mphindi 5, owerenga mobwereza aja anali patsogolo. Patatha sabata imodzi zinatembenuka: amene anatuluka thukuta pokumbukira aja ndiwo anasunga zambiri.

Chiyambire maphunziro aulere mu 1994, makalasi athu ndi odzaza ndipo buku limodzi amaligwira ana angapo. Ubwino wa njira ili m'munsiyi ndi woti sifuna ndalama. Kaya muli ku Bembeke, ku Mayani kapena ku Lobi, bolodi ndi choko zakwana.

Yambani phunziro mabuku ali chitsekere. Musanalowe mutu watsopano, lembani mafunso anayi pa bolodi: awiri a dzulo, limodzi la sabata yatha, limodzi la teremu yatha. Funso la teremu yathalo ndi limene aphunzitsi ambiri timalisiya poganiza kuti mutuwo tinathana nawo ndipo m'sikimu tinachonga. Komatu njira ya kumunda ikapanda kuyendedwa imamera udzu. Mayeso a MANEB a Sitandade 8 safunsa za sabata ino zokha.

Kenako onetsetsani kuti aliyense wayankha. Apa ndi pamene pagona nkhani. Mukanena kuti "Ndani angatiuze?" mwana mmodzi amaganiza, ena onse amapuma. Auzeni kuti aliyense alembe yankho kumapeto kwa kope lake, payekha, osasuzumira kwa mnzake. Kwa ana aang'ono opanda makope, sileti kapena pansi pamchenga panja pakwanira. Funso la kusankha lingayankhidwe ndi zala: chala chimodzi pachifuwa kutanthauza yankho loyamba, ziwiri lachiwiri. Mukangomwaza maso mwadziwa kale kuti mzere wakumbuyo uli pati. Zalazo zikhale pachifuwa, osati m'mwamba, chifukwa ana ndi akatswiri poonera.

Mukafunsa pakamwa, dikirani. Mary Budd Rowe, amene anafufuza makalasi a sayansi ku America, anapeza kuti aphunzitsi amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanatchule wina kapena kudziyankha okha. Akadikira masekondi atatu kapena kupitirira, mayankho ankatalika ndipo ana ambiri ankayesako. Werengani chamumtima mpaka kasanu. Kachetecheteyo amasowetsa mtendere mphunzitsi kuposa ana, koma mudzazolowera. Dzina la mwana mulitchule funso litatha, osati lisanayambe.

Perekani yankho lolondola nthawi yomweyo, ana achonge okha ndi kukonza. Musasonkhanitse makope. Mulu wa makope umene mumapita nawo kunyumba umabwerera patatha masiku, mwana ataiwala ndi funso lomwe. Ndipo musalembe malikisi kapena kukwapula olakwa. Zikangokhala choncho, ana amayamba kubisa zimene sakudziwa, pomwe inu mukufuna kuziona.

Pa masamu, sakanizani. Tazolowera kuphunzitsa njira imodzi n'kupereka masamu khumi ofanana. Mwana akafika pa samu yachitatu saganizanso, akungotsanzira ya pamwamba. Yesani izi: munda wa mbatatesi ndi wa mamita 20 m'litali ndi 15 m'lifupi. Funso loyamba, pakufunika mpanda wautali bwanji kuti mbuzi zisalowe? Lachiwiri, malo olimawo ndi aakulu bwanji? Manambala ndi omwewo, koma yankho lina ndi 70, lina ndi 300. Mwana ayenera kusankha yekha kuti aphatikize kapena achulukitse, ndipo kusankhako ndi kumene mayeso amafuna. Chenjezo ndi loti kusakaniza kubwere njira iliyonse itaphunzitsidwa bwino payokha, inu mutawerengera zitsanzo pa bolodi sitepe ndi sitepe. Mwana sangakumbukire chimene sanachimvetse.

Ana adzadandaula kuti zavuta, ndipo masiku oyamba adzalakwa zambiri kuposa kale. Musabwerere m'mbuyo. Auzeni poyera kuti kuvutikako ndiye kuphunzirako.

Chomaliza ndi cha kunyumba. Mu 2013, John Dunlosky ndi anzake anaunika njira khumi zimene ophunzira amagwiritsa ntchito. Ziwiri zokha ndizo anaziika pamwamba: kudziyesa wekha ndi kugawa nthawi yowerenga pa masiku angapo. Kuwerenga mobwereza ndi kudula mizere kunsi kwa mawu zinali m'gulu la pansi. Choncho m'malo mouza ana kuti "mukawerenge notsi," aonetseni kachitidwe: awerenge tsamba, atseke kope, alembe kapena anene zimene akukumbukira, atsegule n'kuona zimene zatsala. Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa kuchezera usiku wonse mayeso ali mawa, makamaka kuno kumene kuzizira kumathamangitsira mwana m'bulangete dzuwa likangolowa. Kholo ngakhale losadziwa Chingerezi lingathandize pongofunsa kuti, "Tandiuza, lero mwaphunzira chiyani?" n'kumulola mwana afotokoze m'Chichewa mpaka amalize.

Sungani kabuku ka mafunso amene ana ambiri alakwa, ndipo muwabwezere pa bolodi pakatha sabata, kenako pakatha mwezi. Mukakumana ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'dera limodzi amachitirako misonkhano ndi maphunziro, sinthanani timabukuto ndi anzanu ophunzitsa kalasi yomweyo, ndipo ahedi ndi a PEA (alangizi a sukulu za pulayimale m'dera lanu) muwauziretu chifukwa chake mphindi zisanu zoyambirira za phunziro lanu sizikugwirizana ndi mutu wa tsikulo.