Momwe mungadyetsere asilikali anu mu Hearts of Iron IV kuti nkhondo isaime panjira

Mphwanga amene amakhala ku Kamwendo anafika kwathu kuno pa boma Loweruka lina laputopu ili kukhwapa, akuti achimwene taonani izi, asilikali ndili nawo ambirimbiri koma angoima ngati zitsa. Amasewera Hearts of Iron IV, gemu ya pa kompyuta yoyendetsa dziko pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, watenga Germany, walowa mu Soviet Union, wadutsa Minsk bwinobwino kenako zonse zii, akasinja osasuntha, organization (mphamvu ya gulu yopitirizira kumenya) ikungotsika. Nditadina F4, batani la mapu a supply (katundu wofika kwa asilikali), ndinapeza kutsogolo konse kuli kofiira. Sikuti mdani anali wamphamvu ayi, asilikali a mphwangayo anali ndi njala. Zimandiwawa kuona anthu akuisiya gemu yokomayi chifukwa cha chinthu choti chimamveka ukachifatsira, ndiye tiyeni tiyende limodzi.

Choyamba onani kaye kuti mukuphunzira malamulo ati. Gemuyi a Paradox anaitulutsa mu 2016 koma nkhani ya supply anaisintha yonse mu November 2021 pomwe kunabwera chowonjezera cha gemuyi chotchedwa No Step Back, ndiye mavidiyo a pa YouTube akale kuposa pamenepo angokutherani bandulo.

Kenako zolowerani F4, ameneyo ndiye mapu a supply ndipo muziwatsegula musanajambule muvi ulionse wa nkhondo. Katundu wambiri amachokera ku likulu la dziko lanu, amakwera sitima, amayenda pa njanji mpaka pa supply hub, ine ndimangoti depoti, kuchoka apo ndiye amagawidwa kwa asilikali amene ali pafupi. Ife a ku Mchinji izi sizachilendo. Fetereza akachoka ku Lilongwe pa M12 amafika pa boma kapena pa Kamwendo mosavuta, koma kuti thumba lifike kumudzi kuseri kwa Mkanda mu January pamafunika ngolo kapena kabaza, ndipo amene ali kutali ndi depoti ndi amene amalandira mochedwa komanso zochepa. Mu gemu ndi chimodzimodzi, chigawo chikatalikira depoti katundu amachepa, kukakhala mapiri, madambo, matope kapena chisanu ndiye amachepa msanga.

Tsopano apa ndi pamene ambiri amagwa, ndiye ndichedwapo. Dinani depoti imene ili kutsogoloyo muone mzere wa njanji yake kubwerera mpaka kulikulu. Njanji ili ndi ma level kuyambira 1 mpaka 5, ya level 1 imanyamula supply 15 pomwe ya level 5 imanyamula 35, koma chimene chimawerengedwa ndi kachigawo kofooka kwambiri pamzere wonsewo. Mutha kukhala ndi level 5 kuchokera ku Berlin mpaka Warsaw koma pakangokhala kachidutswa kamodzi ka level 1 kutsogoloko basi depoti ilandira za level 1, zili ngati kamlatho kamitengo pa mseu wabwino, lole yonse imaima pomwepo olo kumbuyoku kuli tala wokhawokha. Pa depotipo pali batani lokweza zigawo zofookazo, lidineni, ndipo ntchitoyo muikweze pamwamba pa mndandanda wa zomanga kuti ma civilian factory, mafakitale amene amagwira ntchito yomanga, ayambire iyo. Mphwanga uja njanji zake zinali pansi penipeni pa mndandanda, pamwamba atadzaza mafakitale a zida zoti sizikanafika n'komwe kwa asilikali.

Musathamangire kumanga depoti yatsopano. Mtengo wake ndi 20,000 pomwe civilian factory ndi 10,800, ikamatha kumangidwa nkhondo yasuntha kale. Bola kulanda ya mdani. Ndiye mivi yanu izitsata njanji, kuchoka depoti iyi kupita depoti inayo, osati kungolowera m'tchire chifukwa mwaona mpata. Mukalanda dikirani masiku angapo, njanji yolanda simayamba kugwira ntchito tsiku lomwelo. Izi sanangopeka, mu 1941 Germany itaukira pa 22 June inapeza kuti njanji za Soviet Union ndi zotakata kuposa zawo, amachita kuzikonza kaye kuti sitima zawo zidutse, kenako mvula ya October inasandutsa misewu phala ndipo katundu wambiri ankakokedwa ndi mahatchi.

Za mahatchizi zilimonso mu gemu. Depoti iliyonse imayamba ndi kachizindikiro ka hatchi, mukakadina kamasintha kukhala thiraki, mukadinanso mathiraki ochuluka, ndipo katundu amafika patali. Mutha kusinthanso pa army yonse kuti kulikonse kumene yafika madepoti azigwiritsa mathiraki. Koma mathirakiwo akhalepo mu stoko eti, apo ayi mwangosintha chithunzi. Ndiye kuyambira 1936 pomwe, chaka chimene gemu imayambira, ikani fakitale imodzi kapena ziwiri za nkhondo pa mathiraki ndi ina pa sitima, muzisiye zizipanga mwakachetechete, ndege za mdani zikadzayamba kuphulitsa sitima zanu mudzakhala ndi zolowa m'malo.

Chinthu china chovuta kuchivomera ndi kuchepetsa pakamwa. Mutu umakuuza kuti ukapanikizika onjezera anthu, koma depoti yodyetsa ma division (magulu a asilikali) 10 ukaiunjikira 25 onsewo amagona ndi njala, zida zimaonongeka ndi attrition (kutha pang'onopang'ono popanda kumenyana) ndipo sangamenye. Mphwanga sanafune kumva, amati ndibweze bwanji asilikali pomwe Smolensk ndi iyo apo. Tinabweza theka kumbuyo pafupi ndi depoti ina, tinasiya akasinja ndi oyenda pansi ochepa, patangotha sabata ya mu gemu timabokosi tofiira tija tinazimiririka ndipo anthu anayambanso kuyenda. Ikaninso logistics company, kagulu kothandiza pa za katundu, mu ma template (mapulani a kapangidwe ka division) a akasinja, imachepetsa kadyedwe kawo ka katundu ndi mafuta komwe.

Kunyanja madoko amagwira ntchito ngati depoti ndipo ndi otchipa kumanga, kungoti amadalira ma convoy, sitima zapamadzi zonyamula katundu, ndipo akamizidwa ndi sitima zapansi pamadzi asilikali a kutsidya amauma. Mukatsitsa asilikali pagombe cholinga choyamba chikhale doko, zina pambuyo. Ndege za transport zimathanso kuponya katundu kwa amene azingidwa, momwe asilikali athu a KAR (King's African Rifles) ankalandirira chakudya ku Burma mu 1944 mvula itatseka misewu, koma mu gemu ndi zongogwirizira, gulu lalikulu simungalidyetse choncho.

Mukazolowera zanu yambani kuona za mdani pa F4 pomwepo. Pezani njanji imene ikudyetsa depoti yake yakutsogolo, tumizani ma division anayi a akasinja okhuta akaidule kumbuyo, ndege za CAS, zophulitsa za pansi, muziike pa logistics strike, ntchito yophulitsa sitima, mathiraki ndi njanji za mdani, kenako dikirani masiku angapo musanakankhe ndi oyenda pansi. Kuti muyeserere bwino tengani Italy mu 1936, nkhondo ya ku Ethiopia mumaipeza ili mkati kale, kuli mapiri, njanji ndi zochepa, ndipo muzisewera pa speed 2 kapena 3 kuti muziona manambala a depoti akusintha. Muzisevanso pafupipafupi, magetsi akathima batire ili yotopa mutaya njanji zonse mwamanga madzulo amenewo.