Momwe mungajambulire nkhope ya munthu pa ntchito ya kusukulu

Ophunzira ambiri akauzidwa kuti ajambule nkhope amathamangira diso. Amalikongoletsa mpaka zikope ndi nsidze, kenako n'kupeza kuti mutu wonse sukukwananso papepala. Diso liyambe ladikira.

Pezani pensulo ya HB yolembera mizere yoyamba, ya 2B ndi ya 4B kapena 6B yodetsera, labala ndi pepala lokhuthala pang'ono. Chilembo B chimasonyeza kuti pensulo ndi yofewa, ndipo nambala ikamakwera, kuda kwake kumawonjezekanso. Amene mukumujambulayo akhale pafupi ndi windo kuti kuwala kumufike kuchokera mbali imodzi. Ngati palibe wodekha woti akukhalireni phee kwa theka la ola, tengani galasi mudzijambule nokha. Rembrandt, wojambula wa ku Netherlands wa m'zaka za m'ma 1600, anadzijambula kambirimbiri kuyambira ali mnyamata mpaka atakalamba.

Yambani ndi mutu wonse, wooneka ngati dzira, kosongoka kuli pansi. Musatsindike pensulo. Lembani mzere wotsika pakati kuchokera pamwamba mpaka pachibwano, ndi wina wopingasa pakati penipeni. Maso amakhala pa mzere wopingasawo.

Apa ndi pamene ambiri amatsutsa. Amaona ngati maso ali m'mwamba, pafupi ndi tsitsi, chifukwa tikamacheza ndi munthu sitilabadira chipumi chake. Tambasulani mkono, yezani ndi pensulo kuchokera pamwamba pa mutu mpaka pamaso, kenako kuchokera pamaso mpaka pachibwano. Mupeza kuti kutalika kwake n'kofanana ndithu, kapena kwasiyana pang'ono chabe.

Pakati pa maso awiri siyani mpata wokwana diso lina limodzi. Kuchokera poyambira tsitsi mpaka pachibwano gawani patatu: gawo loyamba limathera pansidze, lachiwiri pansi pa mphuno. Makutu amakhala m'gawo lachiwirilo. Malekezero a milomo nthawi zambiri amalunjikana ndi mboni za maso.

Miyezo imeneyi ndi poyambira chabe. Chithunzi chimafanana ndi mwini wake pamene mwagwira malo amene nkhope yake yasiyana ndi miyezoyo: chipumi chachikulu, diso lina lotsika pang'ono, mlomo wam'munsi wonenepa. Musamukonze munthu. Jambulani zimene mukuziona.

Tsopano mthunzi, womwe kwa ine ndi pamene pagona ntchito. Tsinzinani pang'ono kuti tinthu ting'onoting'ono tisamaoneke, muone pamene pada ndi pamene pawala. Detsani ndi 2B mbali yonse yamthunzi nthawi imodzi, kenako 4B kapena 6B pansi pa chibwano, m'mphuno ndi pansi pa nsidze. Mphuno musaizungulize ndi mzere, ioneke chifukwa cha mthunzi wa m'mbali mwake. Choyera cha diso nacho si choyera ngati pepala, chikope chimachiphimba ndi kamthunzi. Tsitsi lijambuleni ngati chinthu chimodzi chokhala ndi powala ndi pakuda, osati kulemba limodzilimodzi mpaka dzanja kutopa.

Mukaona ngati mwamaliza, onetsani chithunzicho pagalasi. Chikatembenuka, diso lopendekeka kapena tsaya lotupa limaonekera pompo.

Ngati aphunzitsi akufuna penti, miyezo ndi yomweyo. Penti wa madzi amayambira powala kupita pakuda, chifukwa sungabweze kuwala pamene wadetsa kale. Wa acrylic, penti wokhuthala wouma msanga, amalola kupaka wowala pamwamba pa wakuda ukauma. Mtundu wa khungu lililonse umatuluka posakaniza wofiira, wachikasu ndi wabuluu pang'ono, ndipo pamthunzi onjezerani wabuluu m'malo mwa wakuda.

Chithunzi cha pensulo yofewa chimafufutika chikakhudzana ndi mabuku. Lembani dzina ndi tsiku kuseri kwake, chiphimbeni ndi pepala loyera, muchinyamule chosapinda.