Mmene mungayambire kafukufuku wa zamoyo m'mitsinje ya ku Dedza

Inu amene mukungoyamba kumene ntchito ya sayansi, musathamangire kuyeza mitsinje yambiri, koma sankhani umodzi ndipo muudziwe kuyambira kugwero mpaka kumatsiriro. Mitsinje ya ku Dedza imaphunzitsa msanga chifukwa imatsika kwambiri pa mtunda waufupi: tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474. Mtsinje ngati Namikokwe umayamba uli wozizira ndi wamiyala, koma pofika kuchigwa, komwe umathirira minda ya mpunga ya sikimu ya Bwanje Valley, umakhala wofunda ndi wamchenga. Choncho ikani malo oyezera atatu kapena anayi, kumtunda, pamtsetse ndi kuchigwa, ndipo muzibwerera pomwepo nthawi zonse.

Musanaponde m'madzi, pezani chilolezo cha kafukufuku, dziwitsani ofesi ya zausodzi, kenako kaonekereni kwa amfumu. Kumeneku sikungopereka ulemu chabe ayi. Akuluakulu a m'mudzi ndi amene angakulozereni dziwe lomwe kale silinkaphwa, malo otchera mono, komanso pomwe pamathiridwa katupe, ndipo zimenezi palibe makina amene angakuuzeni.

Cholakwa chomwe ndimachidandaula kwambiri ndi kuyeza m'chilimwe mokha, poti misewu imakhala yabwino ndipo madzi amaoneka oyera. Mtsinje wa mu Okutobala ndi wa mu Febuluwale ndi yosiyana kotheratu. Mvula ikagwa, dothi lochokera m'minda yolimidwa mpaka m'gombe limakwirira timiyala tapansi, pomwe nsomba zokwera kuchokera kunyanja, monga mpasa ndi sanjika, zimaikira mazira pa timiyala toyera m'madzi othamanga. Mpasa umadziwika mu Linthipe ndi mu Bua, ndipo wachepa kwambiri. Wofufuza amene sanaone madzi ofiira a dzinja sangamvetse chifukwa chake. Yezani kamodzi pamwezi kwa chaka chathunthu.

Mpweya wa okosijeni muziuyeza m'bandakucha ndi masana, pakuti usiku ndere sizipanga mpweya koma zimangougwiritsa ntchito, motero m'mawa ndi pamene umatsikitsitsa. Madzi ofunda madigiri 25 a Celsius amasunga mamiligalamu a okosijeni pafupifupi 8.3 pa lita pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo kumapiri amasunga ocheperapo, choncho makina anu muziwatchera molingana ndi kukwera kwa malo aliwonse.

Ngakhale ndalama zitachepa, tizilombo ta m'madzi tidzakuuzani zambiri. Imani pamiyala moyang'ana kumene madzi akulowera, ikani kaukonde patsogolo panu, ndipo palasani miyalayo ndi mapazi kuti zonse zobisala zilowe mu ukondemo. Khuthulirani m'beseni loyera lokhala ndi madzi pang'ono, mudikire kuti matope akhazikike. Mukaona tizilombo taphwatalala ta michira itatu, kapena tina tokwawa titanyamula tinyumba ta mchenga, dziwani kuti madziwo akadali ndi moyo wabwino. Mukapeza timphutsi tofiira tokhatokha, yang'anani kumtunda ngati kuli ndowe kapena zonyansa zina zolowa. Njira ya miniSASS, yochokera ku South Africa, imathandiza kuwerengera zimenezi, ngakhale kuti muyenera kuifananiza ndi zomwe maso anu akuona kuno. Tizilombo tomwe mukufuna kusunga muzitiika mu sipiriti ya ethanol ya 70 peresenti, kapena 95 ngati mudzayeza DNA, ndipo dzina la malo ndi tsiku muzilembe ndi pensulo pakapepala kolowa m'botolo momwemo, chifukwa inki imasungunuka.

Kuchigwa valani majombo aatali poopa likodzo, ndipo funsani za ng'ona musanalowe padziwe.

Mukamaliza, bwererani kumudzi kuja mukafotokoze zomwe mwapeza m'Chichewa. Mlimi wa dimba sangasiye gombe chifukwa cha lipoti, popeza mbatatesi ndi kabichi wakeyo ndiye fizi ya ana. Koma mukamuonetsa mabeseni awiri, lina lochokera pomwe pali bango ndi mikuyu, lina pomwe gombe lidagumuka, mungathe kukambirana naye za kusiya mpata wa udzu ndi mitengo pakati pa munda ndi madzi.